Mmene mungayambire magemu akale a malupanga ndi matsenga osawataya tsiku loyamba

Munthu wozolowera magemu a masiku ano akatsegula Baldur's Gate koyamba, kawirikawiri ola limodzi salitha. Amapanga wamatsenga wake, n'kutuluka naye m'linga la Candlekeep mmene gemuyo imayambira, ndipo asanapite patali mmbulu umodzi wokha umamuluma kawiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Amatseka, n'kumati gemuyi ndi yachabechabe. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa gemuyo ilibe mlandu. Magemu a zaka za m'ma 1990 anapangidwira munthu amene wawerenga kabuku ka malamulo kamene kankabwera m'bokosi, munthu wokonzeka kulephera kangapo asanadziwe njira. Salozera munthu kolowera. Koma mukadziwa zimene akufuna kwa inu, amakugwirani mtima zaka ndi zaka. Nayi njira imene ndimalangiza aliyense amene akufuna kuyamba.

Yambani ndi gemu imodzi yokha

Magemu akalewa ndi ambiri ndipo sadya malo ambiri pa kompyuta, choncho chiyeso choyamba n'kuunjika makumi awiri tsiku limodzi. Musatero. Iliyonse ili ndi malamulo akeake, ndipo maola oyambirira ndiwo owawa kwambiri. Mukamadumphadumpha, mudzalawa kuwawa kwa iliyonse osafika pokoma pa ina iliyonse.

Dzifunseni chimene mtima wanu ukufuna. Ngati mukufuna kukhala munthu mmodzi m'nkhani yaitali, kuyenda ndi gulu la anzanu, kulankhula ndi anthu ndi kusankha zochita, tengani Baldur's Gate ya mu 1998, yopangidwa ndi kampani ya BioWare ya ku Canada. Ngati mumakonda kuwerenga kuposa kumenya nkhondo, Planescape: Torment ya mu 1999 ndiye yanu, koma dziwani kuti mawu ake ndi ochuluka zedi ndipo Chingerezi chake n'cholimba. Ngati mukufuna kumanga mizinda, kulanda migodi ndi kutsogolera magulu ankhondo, palibe poyambira pabwino kuposa Heroes of Might and Magic III ya mu 1999, ya New World Computing. Master of Magic ya mu 1994 ndi yakuya kwambiri, ili ndi maiko awiri, Arcanus ndi Myrror, oti muwalamulire nthawi imodzi, koma imeneyo idikire kaye. Malangizo anga ambiri pano akhudza Baldur's Gate ndi Heroes III, chifukwa wodziwa awiriwa savutika ndi enawo.

Pezani gemu yeniyeni, ndipo iyende bwino

Malo odalirika ndi GOG, sitolo ya pa intaneti imene kampani ya CD Projekt ya ku Poland inatsegula mu 2008 makamaka chifukwa cha magemu akale. Ubwino wake ndi woti amakonzeratu gemuyo kuti iyende pa kompyuta ya lero, ndipo mukadawuniloda fayilo yoikira mutha kuisunga n'kumasewera popanda intaneti. Pa Steam, sitolo ina ya magemu ya pa intaneti, aliponso ambiri. Masamba ogawa magemu akuba apeweni, chifukwa mafayilo ake nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, komanso amasowa zigawo zina monga nyimbo.

Samalani posankha mtundu wake. Heroes III ili pawiri. Yotchedwa Complete ili ndi gemu yoyambirira pamodzi ndi zowonjezera zake ziwiri, Armageddon's Blade ndi The Shadow of Death. Yotchedwa HD Edition, imene Ubisoft inatulutsa mu 2015, ili ndi zithunzi zosalala koma zowonjezerazo mulibe, ndipo mulibenso chida chimene chimapanga mapu atsopano pachokha. Tengani Complete, kenaka muikepo HD Mod, pulogalamu yaulere ya okonda gemuyi, yothandiza kuti ikwane bwino pa sikirini yotambalala. Pa Baldur's Gate, Enhanced Edition ya mu 2012 ya kampani ya Beamdog ndiyo yosavuta kwa woyamba.

Ziliponso zaulere mwalamulo. Bethesda inamasula Daggerfall ya mu 1996 kuti aliyense aitenge kwaulere, ndipo pulogalamu ya Daggerfall Unity imaiyendetsa mwamakono. The Battle for Wesnoth, imene David White anayamba mu 2003, ndi yaulere kuchokera pachiyambi, ndipo kaseweredwe kake n'kachikale ndithu.

Magemu a nthawi ya DOS, pulogalamu yakale yoyendetsa makompyuta, amayenda kudzera m'pulogalamu ya DOSBox. Mabatani anayi okha ndiwo muyenera kuloweza. Alt ndi Enter amadzazitsa sikirini. Ctrl ndi F11 amachepetsa liwiro ngati zinthu zikuthamanga mopenga, Ctrl ndi F12 amaliwonjezera ngati zikukwawa, ndipo Ctrl ndi F10 amamasula mausi ikatsekeredwa m'windo la gemu. Chithunzi musachikoke kuti chidzaze sikirini yonse. Chinajambulidwira sikirini za 4:3, ndiye mizere yakuda ya m'mbaliyo ilekeni, kusiyana n'kuti anthu onse aoneke ophwatalala.

Werengani kabuku, makamaka za manambala

Apa ndi pamene ambiri amadumpha, ndipo ndi pamene amagwera. Kabuku kamabwera ngati fayilo ya PDF pamodzi ndi gemuyo. Simukuyenera kukamaliza konse. Werengani za mabatani, za mitundu ya anthu amene mungakhale, ndi za mmene nkhondo imawerengedwera.

Baldur's Gate imatsatira malamulo a Advanced Dungeons & Dragons, ochokera ku masewera a patebulo amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974. Nthawi iliyonse munthu wanu akaponya lupanga, kompyuta imagubuduza mobisa dayisi ya mbali 20. Manambala awiri ndiwo amalamula zotsatira, ndipo onse amayenda chobwerera. Yoyamba ndi Armor Class, yosonyeza kuvuta kwa kumulasa munthuyo. Ikachepa ndiye kuti watetezeka kwambiri: wosavala kanthu ali pa 10, wovala zachitsulo ndi chishango amatsikira cha ku 2, ndipo wofika pa 0 kapena kupyola pamenepo ndi wovuta kumukhudza. Yachiwiri ndi THAC0, nambala imene dayisi iyenera kuonetsa kuti mulase mdani wa Armor Class 0. Nayonso ikachepa ndiye bwino. Masamu ake ndi ochotsera basi. Ngati THAC0 yanu ndi 18 ndipo mdani ali ndi Armor Class 5, mukufunika 13 kapena kuposa. Ndaonapo anthu akuvula chovala chabwino chifukwa choti nambala yatsika, poganiza kuti aluza. Mukamvetsa zimenezi, kuphonya kwa munthu wanu sikukupsetsaninso mtima, chifukwa mukudziwa gwero lake ndi chimene mungasinthe.

Maola oyambirira mu Baldur's Gate

Ulendo woyamba sankhani wankhondo, kapena ranger (wankhondo wa m'tchire), kapena paladin (wankhondo wachipembedzo). Wamatsenga wa mlingo woyamba ali ndi mapointi a moyo anayi kapena kuposerapo pang'ono, ndi tsenga limodzi kapena awiri oti aponye asanagone maola asanu ndi atatu. Pambuyo pake amadzakhala woopsa kuposa onse, koma poyamba ali ngati mwanapiye. Vuto lalikulu n'loti mnzanu wa m'gulu akafa mutha kukamudzutsa kukachisi polipira golide, koma munthu wanu weniweni akafa gemu yatha. Choncho mupatseni thupi lolimba. Popanga munthuyo pali batani logubuduzanso madayisi a mphamvu zake, ndipo palibe choletsa kulidina mpaka manambala akukhutitseni. Kwa wankhondo ikani ambiri pa Strength (mphamvu), Dexterity (changu) ndi Constitution (kulimba kwa thupi).

Musanatuluke mu Candlekeep, gwirani tintchito tating'ono timene anthu akupatseni, ndipo mugule uta ndi mivi. Mukatuluka simubwereranso posachedwa. Panjira mukumana ndi Imoen, mtsikana amene munakulira naye, wodziwa za maloko ndi misampha. Mutengeni. Kenaka lunjikani ku nyumba ya alendo ya Friendly Arm Inn monga Gorion, bambo wokulerani, wakuuzirani, osapatukira m'tchire. Pamakwerero a nyumbayo pali wamatsenga dzina lake Tarnesh amene akukudikirani kuti akupheni, ndipo wapha oyamba kumene osawerengeka. Sevani musanafike, mulaseni ndi mivi msanga kuti matsenga ake asokonekere, ndipo alonda a pamenepo akuthandizani. M'kati mupeza Khalid ndi Jaheira. Gulu limakwana anthu asanu ndi mmodzi, ndipo lonse likhale ndi ankhondo awiri kutsogolo, wakuba mmodzi, wochiritsa mmodzi ndi wamatsenga mmodzi. Malo otsalawo ikanipo amene mwamukonda.

Batani lofunika kuposa onse ndi lalitali lija la pansi pa kiyibodi. Limaimitsa nthawi. Mdani akangoonekera, imitsani, perekani lamulo kwa aliyense payekhapayekha, yendetsani masekondi angapo, imitsaninso. Muthanso kuuza gemu kuti iziima yokha mdani akaoneka kapena wina akavulala kwambiri. Osewera gemuyi osaimitsa akungoonerera anthu awo akufa.

Aliyense m'gulu akhale ndi chida choponya, kaya uta kaya legeni. Pa mlingo wotsika, mdani wakufa asanakufikeni ndiye wabwino. Wamatsenga wanu aphunzire tsenga la Sleep: limagoneka gulu lonse la adani ang'onoang'ono nthawi imodzi, ndipo m'migodi ya ku Nashkel, mmene tizilombo totchedwa kobold timaponya mivi kuchokera mumdima, limapulumutsa moyo kambirimbiri. M'mapanga ndi m'ndende zapansi wakuba aziyenda patsogolo akufufuza misampha, ndipo mumupatse nthawi, chifukwa msampha suoneka pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yendani masitepe ochepa, imani, yendaninso.

Dziko la gemuyi silidzichepetsa kuti lifanane ndi mphamvu zanu. Pali madera amene muli zilombo zotchedwa basilisk, zosandutsa munthu mwala pongomuyang'ana. Mukalowa pamalo n'kuona kuti mukuphedwa mosavuta, sikuti mwalakwitsa kamenyedwe. Mwangofika msanga. Thawani, kachiteni zina, mudzabwerenso mutakula, ndipo tsiku limenelo mudzamva kukoma kumene magemu ofewa sapereka.

Samaliraninso anzanu monga anthu. Ali ndi makhalidwe awoawo, amakangana, ndipo ena amachoka. Mbiri yanu ikakhala yabwino kwambiri oipa mtima amanyanyala, ikaipa kwambiri abwino amakusiyani. Wina mukamulonjeza kuti mukathandiza mnzake n'kumazengereza, adzakutembenukirani.

Kuseva

Magemu akale sasunga okha pafupipafupi. Sevani musanalowe pakhomo lachilendo, musanalankhule ndi munthu wooneka wofunika, ndiponso nkhondo ikangotha. Mu Enhanced Edition batani la Q limaseva mwachangu. Koma musadalire malo amodzi. Khalani ndi mafayilo asanu kapena kuposa, ozungulira, ndi ina yapadera pa chiyambi cha chigawo chilichonse imene simuifufuta. Nthawi ina ndinaseva pamalo amodzi okha gulu langa lili pakati pa ndende yapansi, mankhwala atatha, ochiritsa atakomoka, ndipo ulendo wa masabata atatu unafera pamenepo. Komabe musabwerere kumbuyo pa kalikonse kamene kalakwika. Mnzanu akafa, munyamulireni katundu wake n'kupita naye kukachisi. Nkhani zimene mudzazikumbukire ndi zoterozo.

Sabata yoyamba mu Heroes III

Apa kaganizidwe n'kosiyana. Palibe chothamangira, chifukwa mumasewera mosinthana ndi adani, tsiku limodzi limodzi. Chimene chimasowa ndi masiku ndi mapazi a ngwazi zanu, zimene zimatsogolera asilikali pa mapu. Amene wataya sabata yoyamba amalipira mwezi wonse.

Yambani ndi mapu aang'ono, osati nkhani zazitali zija, ndipo tengani mzinda wa Castle kapena Rampart, chifukwa asilikali ake ndi omveka: oponya mivi kumbuyo, olimba kutsogolo. Necropolis ndi yamphamvu kwambiri chifukwa imadzutsa akufa pankhondo n'kuwasandutsa asilikali a mafupa okhaokha, koma imakuzolowezani njira yosagwira kwina.

Tsiku loyamba lenilenilo lowani mu Tavern mulembe ngwazi yachiwiri pa golide 2500. Imabwera ndi asilikali ake, ndiye muwapereke onse kwa ngwazi yanu yaikulu, n'kuisiyira yachiwiriyo msilikali mmodzi wothamanga. Chifukwa chake n'chakuti mtunda umene ngwazi imayenda pa tsiku umadalira msilikali wochedwa kwambiri m'gulu lake. Yaikuluyo ntchito yake ndi kumenya basi. Yaing'onoyo izitola zimene zili mbwee pansi, izilanda migodi yopanda alonda, ndi kunyamula asilikali atsopano kuchokera kumzinda kukapereka kutsogolo. Ngwazi yaikulu ikabwerera kumzinda kukatenga asilikali yokha, masiku anayi kapena asanu apita pachabe. Ndalama zikalola, onjezerani yachitatu ndi yachinayi. Malire ndi ngwazi zisanu ndi zitatu pa mapu.

Zinthu zomangira zilipo zisanu ndi ziwiri: golide, matabwa, miyala, ndi zinayi zosowa, mercury, sulufule, crystal ndi miyala yamtengo wapatali. Malo ocheka matabwa ndi mgodi wa miyala nthawi zambiri amakhala pafupi ndi mzinda wanu, ndipo lililonse limapereka ziwiri pa tsiku. Alandeni masiku awiri oyambirira asanathe. Mgodi wa golide umapereka 1000 pa tsiku, ndiye ngakhale uli ndi alonda, ukhale m'maso mwanu.

Mzinda umamanga nyumba imodzi yokha pa tsiku, choncho tsiku lopanda chomanga ndi lotayika. Apa pali mkangano wakale pakati pa osewera: kuyamba ndi ndalama kapena asilikali. Town Hall imapereka golide 1000 pa tsiku, City Hall 2000, Capitol 4000, koma Capitol imadya 10000 ndipo imafuna kuti linga lalikulu likhale litamangidwa kale. Mbali inayo, asilikali atsopano amabadwa pa tsiku loyamba la sabata iliyonse m'nyumba zimene zilipo kale. Nyumba yomangidwa tsiku lachisanu ndi chiwiri imakupatsani asilikali tsiku lomwelo ndi enanso mawa lake, pamene yomangidwa tsiku lachisanu ndi chitatu yaphonya mbewu yathunthu. Ine ndimati mangani Town Hall msanga, kenaka nyumba za asilikali amphamvu sabata isanathe, City Hall ibwere sabata yachiwiri. Asilikali ndiwo amatsegula njira ya ku chuma chimene chili pa mapu. Golide wongokhala m'nkhokwe sagonjetsa mlonda.

Mukapeza bokosi la chuma, limakufunsani kusankha golide kapena mapointi okwezera ngwazi. Masabata oyambirira tengani golide. Ngwazi ikamakwera mlingo imakupatsani maluso awiri oti musankhepo limodzi, ndipo malo alipo asanu ndi atatu okha, ndiye musadzaze ndi zilizonse. Logistics imatalikitsa ulendo wa tsiku, Wisdom imatsegula matsenga a mlingo wachitatu kupita m'mwamba, ndipo Earth Magic ikafika pachimake imachititsa tsenga la Slow kugwira gulu lonse la adani nthawi imodzi. Zitatuzi musazikane zikabwera.

Musanaukire, dinani batani lakumanja la mausi pa gulu la zilombo. Gemu sinena nambala, imanena mawu. Few ndi 1 mpaka 4, several 5 mpaka 9, pack 10 mpaka 19, lots 20 mpaka 49, horde 50 mpaka 99, throng 100 mpaka 249, ndipo legion ndi 1000 kapena kuposa. Lembani zimenezi pa kapepala. Oyenda pansi ochedwa ndi nyama yanu, ngakhale achuluke, chifukwa mivi imawamaliza asanafike. Oponya mivi ndi ouluka mwaliwiro asiyeni kaye.

Pabwalo la nkhondo pali lamulo limodzi losintha zonse: gulu lomenyedwa limabwezera kamodzi kokha pa chizungulire chilichonse, kupatula zilombo zochepa monga griffin. Choncho gawani asilikali otchipa kukhala timagulu ta mmodzi mmodzi, popeza malo alipo asanu ndi awiri. Kamodziko kayambe kumenya, kalandire kubwezerako, kenaka gulu lanu lalikulu limenye osakhudzidwa. Batani la Wait, lodikirira, muligwiritsenso ntchito. Mdani abwere yekha kwa inu, chifukwa mivi yoponyedwa patali kupitirira mabokosi khumi a pabwalo la nkhondo imavulaza theka lokha, ndipo chizindikiro chake ndi muvi wothyoka. Cholinga si kupambana kokha ayi, koma kupambana osataya asilikali, popeza wakufa lero sabwerera mpaka sabata yamawa, ndiponso ndi wogula.

Kope, pensulo ndi intaneti

Khalani ndi kope pambali. Mu Eye of the Beholder ya mu 1991 mulibe mapu odzijambula okha, ndipo osewera ankajambula njira pa pepala la mabokosi, sitepe imodzi bokosi limodzi. Ngakhale m'magemu okhala ndi mapu, lembani dzina la munthu amene wakutumani, kumene ali, chitseko chimene chakukanikani, ndi chimene mumafuna kuchita mawa. Mukasiya gemu masabata awiri, mzere umodzi wa m'kopemo ndiwo umakubwezerani m'nkhani.

Pa intaneti pali mayankho a chilichonse, ndipo kuwawerenga mutu ndi mutu kumapha gemu, chifukwa mumasanduka wongotsatira malangizo a wina. Lamulo langa ndi ili: za malamulo funsani nthawi iliyonse, monga mmene tsenga lina limagwirira ntchito, koma za nkhani ndi zobisika funsani pokhapokha mwakanika madzulo athunthu. Zowonjezera za okonda magemu, monga Horn of the Abyss ya Heroes III imene imabweretsa mizinda yatsopano, ndi zabwino kwambiri, koma muziike mutamaliza mapu angapo a gemu yoyambirira kuti mudziwe chimene chasintha.

Mukazolowera, itanani mnzanu. Heroes III ili ndi kaseweredwe kotchedwa Hot Seat, kamene anthu mpaka asanu ndi atatu amasinthana pa kompyuta imodzi. Sankhani mapu aang'ono kapena apakati, chifukwa aakulu satha tsiku limodzi. Ngati mnzanuyo ndi watsopano, khalani mbali imodzi n'kumenyana ndi kompyuta, ndipo mumusiye alakwitse yekha osamulanda mausi. Ngati mukulimbana, gwirizanani zisanayambe kuti wina akamasewera mnzake ayang'ane kumbali, ndiponso ngati matsenga odumphira patali monga Dimension Door ali ololedwa kapena ayi. Sevani kumayambiriro kwa sabata iliyonse ya m'gemu, fayiloyo muilembe tsiku lake, kuti mukadzakumananso mudzapitirire pomwe munalekezera.